Manejala Wamaliza Memori

Lolemba

Sabata ino ndi yanga. Lamulungu apongozi akubwera kuchokera ku Shikabeta kudzaonera vidiyo ya ukwati wa Memory, mzime wawo.

Ukwatiwo unachitikira ku Lusaka iwo atagonekedwa m'chipatala ndi mwendo, mkazi wanga amake Daliso ali pambali kuwadwazika. Ine ndinatsala ndi shopu yometera. Ndiye pabanja pano palibe amene anauona ndi maso. Mkamwini watsopanoyo, amene aliyense amamutchula kuti Ba Manejala chifukwa amayang'anira sitolo ya zitsulo, watumiza linki pa foni. Linki basi! Munthu wa galimoto, kulephera kuika pa fulashi n'kupatsira kondakitala.

Koma zandikomera. Chikwatirireni, apongozi sanandiyankhulepo maso ndi maso. Ndi mwambo, sindikukana. Mawu awo amadzera mwa amake Daliso, ndipo pofika kwa ine amakhala atazizira. Chimene chimandiwawa n'chakuti kwa iwo ndine "uja wometa". Koma Manejala, apongozi anamuphera nkhuku tsiku lomwe anapita kukaonekera. Ine nkhuku za ku Shikabeta ndimangozimva kulira.

Lamulungu adzaona kuti wometa nayenso ali ndi laputopu.

Zofunika:
- laputopu, ilipo, ngakhale batani limodzi linathothoka
- bandulo yaikulu, ndagula
- batire la sola, lomwelo limene limayendetsa makina ometera
- mpando wa apongozi, kuuika chammbali kuti tisayang'anizane

Vidiyo ndi yaikulu, ndipo netiweki ya pano pa Mpanshya imabwera n'kupita mwakufuna kwake. Ba Sakala, aphunzitsi amene ndimawameta Lolemba lililonse, andiikira pulogalamu yokokera zinthu pa intaneti. Akuti netiweki ikaduka, iyo imadikira n'kupitiriza pomwe inalekezera. Dzina lake lachizungu likuthera ndi mawu akuti manejala. Ndaseka. Banja lino lachuluka mamanejala.

Lachiwiri

Kamzere kobiriwira kosonyeza pomwe vidiyo yafika kayenda kutalika kwa chikhadabo.

Laputopu ikulira ngati chigayo. Yatentha moti ungaotcherepo mbatata. Kamuvi ka mausi ndikakakankhira kumanja kamayamba kaganiza kaye, kenako kamapita kumanzere. Mayi wina wabwera kuti ndimuikire nyimbo za kwaya mu foni, wadikira mpaka mwana kumsana wagona n'kudzukanso, wapita wopanda nyimbo.

Ndaitanitsa Ba Sakala. Akuti kuti tione chimene chikudya makina, tiyenera kutsegula manejala wina amene amayang'anira mamanejala anzake. Ndimayesa nthabwala. Alipodi! Ndipo naye watenga nthawi kuti atuluke mu ofesi.

Andifotokozera motere. Pulosesa ndiye wantchito wa m'makina. Memori ndiye tebulo limene wantchitoyo amagwirirapo. Ndiye pulogalamu yathu ija yagwira wantchito pakhosi, ndipo yakhala pa tebulo lonse, miyendo tambalale.

Ndafunsa kuti chifukwa chiyani. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kutenga katundu pamsewu n'kumuika m'nyumba. Akuti imadula vidiyo m'zidutswa zambiri n'kumazikoka zonse nthawi imodzi, ndiye chidutswa chilichonse chimafuna malo ake. Ndani anaipempha kudula ukwati wa eni?

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," atero Ba Sakala potuluka.

Nkhono imayenda mwakachetechete. Iyi ikundigonthetsa m'khutu.

Lachitatu

Tsiku loipa.

Dzuwa lilipo lokwanira, koma pofika masana batire latha. Manejala wa m'laputopu wamwa moto wonse. Ndipo latha ndili pakati pa mutu wa Ba Lungu, aja a njinga yamoto amene amanyamula katundu ndi anthu kupita ku Shikabeta. Kumanzere mpala, kumanja tchire. Makina angoti zii m'manja mwanga.

Chiyambireni kumeta sindinasiyepo mutu wa munthu panjira. Manyazi andigwira, kenako mkwiyo. Ndalowa pansi pa tebulo kusuntha mawaya, uku ndikukalipa ndekha.

"Uyu Manejala wasiliza memori! Usiku na muzuba ni kudya chabe memori, kulibe na kupumula. Azapaya memori uyu!"

"Manejala uja wa ku Lusaka?" afunsa Ba Lungu.

Mutu uli m'mawaya, ndayankha kuti nanga zoipa zonse zimachokera kuti.

Ndikutuluka pansi pa tebulo, munthu wavala kale chipewa. Ndati dikirani ndimalize ndi sizasi, akuti ayi, ali ndi ulendo wofulumira. Nkhope ili gwa. Akwiya ndi mutu wawo, ndipo sindikuwadzudzula. Mawa ndidzawamaliza bwino, ndi kamzere kam'mbali komwe.

Amene ndawakwiyira lero:
- amene anapanga pulogalamuyi, kulikonse kumene ali
- Ba Sakala
- Manejala wa zitsulo, chifukwa cha fulashi ija
- dzuwa, pang'ono

Kamzere kobiriwira kali pafupi ndi pakati.

Lachinayi

Ndayesa mankhwala onse. Ndaikweza laputopu pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Ndaiika pamwamba pa mtsuko wa madzi. Ndaipepesera ndi katoni mpaka dzanja kuwawa, ine mwini shopu kukhala wantchito wa makina. Ndafufuta masewera a makhadi ndi zithunzi za masitayilo a tsitsi kuti Manejala apeze malo. Malo onsewo wawatenga, osathokoza.

Masana katulukira kabokosi. Akuti pulogalamu yatsopano yatuluka, yothamanga kuposa iyi. Ndadina kuvomera, poti mawu oti kuthamanga ndawalakalaka sabata yonse. Zotsatira zake, Manejala waimitsa ukwati wa Memory n'kuyamba kudzikoka yekha. Ndi bandulo yanga! Wamaliza, wabwera ndi mtundu wina wa mabatani, ndipo akudya kuposa dzulo. Munthu kumutuma kumunda, iye n'kukadzigulira suti.

Ba Lungu sanabwere kudzamalizitsa mutu.

Anthu a pano lero ali ndi chifundo chachilendo. Amayi ogulitsa tomato pafupi ndi shopu andiyang'ana n'kupukusa mutu, akuti "Pepani, tamvela." Akatekisiti aima pakhomo ndi njinga yawo.

"Tikupemphererani. Vintu va so vifunika kulimba mutima."

Ndawathokoza. Sindimadziwa kuti phokoso la fani ya laputopu likumveka mpaka kutchalitchi. Komabe n'zolimbikitsa kuti anthu akumvetsa zimene ndikudutsamo.

Lachisanu

Chakudza sichiimba ng'oma.

Amake Daliso alowa m'shopu ndili ndi kasitomala pampando, chitenje chili m'chiuno ngati akupita kozima moto. Alandira foni kuchokera ku Shikabeta.

"Atate Daliso, munakamba chani kuli Ba Lungu? Mudzi onse uziba ati Ba Manejala bamenya Memory usiku na muzuba. Ati mweka munakamba ati bazamupaya!"

Ndakhala pansi pa benchi. Kasitomala wadzivula yekha nsalu.

Ndawatengera pa laputopu. Ndawaonetsa memori ya m'makina, ndawaonetsa dzina la pulogalamu. Ayang'ana nthawi yaitali, kenako andiyang'ana ine nthawi yaitali kuposa pamenepo. Akuti pa mawu onse a padziko ndinasowa ena?

Ndine ndinasowa mawu? Ndine ndinatcha tebulo la m'kompyuta dzina la mlamu wanga? Ndine ndinatcha pulogalamu yakuba dzina la mwamuna wake? Ine ndinangonena zoona, ndili pansi pa tebulo langa, m'shopu yanga. Ba Lungu ali ndi makutu awiri, koma onse anamvera mbali ya tchire.

Tamuimbira Memory. Waseka mpaka kutsamwa, akuti ali bwino, mwamuna wake ndi wofatsa ngati nkhosa. Tamupempha aimbire amayi ake. Waimba. Yankho la apongozi labwera madzulo kudzera mwa amake Daliso.

"Ndiye mwamene tinamulangila. Mukazi sakamba va mu nyumba. Ngati akamba ati ali bwino, ninshi vintu vaipa maningi."

Ndiye akati ndikuvutika, akuvutika. Akati ndili bwino, akuvutika kwambiri. Alangizi anatseka makomo onse.

Apongozi sadikiranso Lamulungu, akubwera mawa. Akuti akaona nkhope ya mwana wawo mu vidiyo adziwa okha, ndipo ngati sakhutira apitirira ku Lusaka kukamutenga. Tsopano vidiyo ija ndi mboni. Ukwati wa eni wapachikika pa kamzere kobiriwira, ndipo kamzereko katsala ndi chala chimodzi. Ndili ndi mantha.

Loweruka

Tsiku la makasitomala ambiri, ine ndatseka shopu. Moto wonse wa batire ndaupereka kwa Manejala. Anthu akugogoda, ndikuyankha pawindo kuti kuli zovuta za pabanja. Onse akuti akudziwa.

Apongozi afika pa njinga yamoto ya Ba Lungu, ndodo m'manja, chikwama cha ulendo kumsana, tambala wofiira womangidwa miyendo ali pamiyendo pawo. Ba Lungu akadali m'chipewa. Andipatsa moni ngati munthu amene wagwira ntchito yabwino.

Apongozi akhala pamkeka kuseri kwa nyumba. Ine ndagwada pakona ya khoma, maso pansi, amake Daliso ali pakati kunyamula mawu. Nkhani ya pulosesa ndi yovuta ngakhale uli pampando. Tayesani mutagwada, mukuyang'ana nyerere.

Ndati auzeni kuti memori imene ndimanena ili m'kati mwa makina, sioneka. Amake Daliso afotokoza bwinobwino. Apongozi amva mbali imene akufuna.

"Bamukhomela mukati? Saoneka na panja?"

Ndati auzeni kuti Manejala ameneyu si munthu.

"Ndiye vamene nikamba na ine. Si muntu."

Ndasiya. Mawondo awawa.

Chakumadzulo kamzere kafika kumapeto. Ndinatsala pang'ono kuvina. Koma katulukanso kabokosi, akuti dikirani, tikulumikiza zidutswa. Manejala wa m'makinayu anadula yekha popanda womutuma, tsopano akusoka, ndipo posokapo fani ikukuwa kuposa masiku onse. Apongozi afunsa ngati kuli chigayo chatsopano pafupi.

Tambala wamangidwa pa mtengo wa mango. Palibe amene wanena kuti ndi wa ndani. Sindifunsa.

Lamulungu

Vidiyo yatha kukokedwa. Yonse.

Titaweruka ku Misa anthu adzaza pakhonde, oitanidwa ndi osaitanidwa. Amayi a tomato, akatekisiti, Ba Lungu ndi chipewa chawo. Mpando wa apongozi uli chammbali monga ndinakonzera. Ndadina.

Ikuyenda modumphadumpha, koma ikuyenda. Operekeza akwati akuvina ngati akugwidwa ndi magetsi. Memory walowa, diresi loyera, nkhope pansi monga mkwatibwi wolangidwa amachitira. Apongozi aimba kamfuu kamodzi kakang'ono. Mtima wanga wayamba kutsika. Mkwati waimirira, watembenukira kwa Memory, wakweza dzanja.

Chithunzi chaima.

Dzanja m'mwamba. Memory mutu pansi. Fani ikulira. Ndadina, ndadinanso, ndagwedeza mausi, kamuvi kasowa. Chithunzicho chakhala pamenepo nthawi yokwanira kuti aliyense achione bwino.

"Pa ukwati penipeni," atero amayi a tomato.

Ndayang'ana amake Daliso kuti andithandize. Iwo maso ali pa laputopu. "Koma kwanja uku, atate Daliso..."

Apongozi aimirira ndi ndodo yawo. Atembenuka, andiyang'ana m'maso, ine, koyamba chikwatirireni.

"Atate Daliso, mwacita bwino. Benangu bonse banabisa, imwe mweka mwakamba. Ndimwe mwana wanga."

Amasula tambala pa mango n'kundipatsa m'manja ndi manja awo awiri. Amake Daliso andinong'oneza kuti apongozi anati atengere Manejala wa zitsulo tambalayo akaona kuti nkhaniyo ndi yabodza. Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma zaka zonsezi ndakhala ndikudikira mawu amenewa, ndipo pakamwa pangotuluka zikomo. Minibasi ya ku Lusaka yawatenga pamodzi ndi amake Daliso.

Anthu atabalalika Ba Sakala adutsa. Ayang'ana laputopu.

"Simunamuvale? Akasiliza nchito sachoka uyu, ankala chabe kumbuyo, akudya."

Adina kamodzi, pulogalamu yatsekeka. Fani yatonthola. Kachetechete amene ndinamuiwala.

Vidiyo yapitirira yosalala ngati mutu wometedwa bwino. Dzanja lija latsika. Muli kampango koyera. Mkwati wamupukuta Memory thukuta pachipumi, pang'onopang'ono kuti asafufute zodzola, ndipo Memory walephera kupirira, waseka, malangizo onse kuiwala. Ukwati wokongola. Ndaonera mpaka kumapeto, ine ndi tambala.

Ndaimbira amake Daliso, foni sikulowa, ali m'mapiri. Ndamulembera Manejala wa zitsulo kuti alendo ali m'njira, aphike tiyi. Sindinafotokoze zambiri. Naye anangotumiza linki.

Pulogalamu ija ndaichotsa. Pochoka yafunsa ngati ndingafotokoze chifukwa chake, m'kabokosi kakang'ono.

Tambala ndamumanga pa mwendo wa tebulo, ndamupatsa chimanga ndi madzi. Mpeni umene ndinautulutsa kuti ndimuphe ndaubweza m'kabati. Apongozi akafika ku Lusaka aona okha, ndipo pobwerera adutsa pano, mawu adzadzeranso mwa amake Daliso. Tambalayu ndangomusungira mwini wake.