Kukangoponda ku Chileka n'kubwerako

Lolemba

Uthenga wa akampani ya ndege pa foni: mapoyinti anga akutha mphamvu Lamlungu likubwerali. Mapoyinti amene ndawaunjika zaka zitatu, abwana akamandituma ku misonkhano ya zausodzi! Atsala pang'ono kukwana tikiti yaulere ya ku Nairobi, kumene mwana wanga Tamanda akumaliza maphunziro a unamwino mwezi wamawa. Ndinamulonjeza kuti ndikakhalapo.

Ndaimba foni. Mtsikana wa kumeneko akuti, "Mungokwera kawiri bambo, akwana." Basi, zatheka. Loweruka ndilawire kuno ku Salima, ndinyamuke ku Lilongwe m'mawa, ndikaponde ku Chileka, ndidikire ola limodzi, ndibwerere. Osatuluka ngakhale pageti. Koma ine nzeru ndili nazo!

Lachiwiri

Tikiti ndagula. Sindikukhazikika, ndikungoyatsayatsa foni kuti ndiione.

Ndalakwitsa chinthu chimodzi: ndauza mayi a Tamanda. "Ku Blantyre, osakaona munthu aliyense? Muli bwinobwino?" Ndawafotokozera za mapoyinti katatu. Atolapo mawu awiri okha, ndege ndi Blantyre, ndipo apita nawo kumsika.

Lachitatu

Pakhonde pali:

thumba la mpunga wa ku Khombedza, la azakhali a ku Ndirande;
usipa wa a Saidi, aneba athu, wa mwana wawo wa ku koleji ("Inshallah mumupeza, ndi wamtali");
envelopu yopanda dzina;
nkhuku. Yamoyo!

Aliyense amene ndikumuuza kuti sindituluka pabwalo la ndege akungoseka, ati ndimatha nthabwala. Ndikupsa mtima, koma kupsera ndani?

Lachinayi

Nkhuku ndabweza, mwini wake wasiya kundipatsa moni.

Masana atulukira amalume a ku Chitala, panjinga, fumbi lokhalokha. Ku Chilomoni kunagwa maliro sabata yatha, apongozi aamuna a mchemwali wanga, ndipo kwathu kuno palibe amene anapita. "Mulungu ngwabwino, iwe uli kale paulendo. Ukatipepesere." Ndikuti ndili ndi ola limodzi lokha. "Nanga kupepesa ndi mawu angati?"

Kukana ndalephera. Amalumewa ndi amene anandilera.

Lachisanu

Pulani yatsopano, papepala. Kutsika ndege, mphindi zisanu. Takisi, makumi awiri. Kupepesa, zisanu. Kubwerera, makumi awiri. Zikukwana ndithu, bola pasapezeke wondipatsa mpando.

Mawu opepesa ndawayeserera pagalasi, wotchi ili m'manja. Ndachotsamo "malemuwa anali munthu wa anthu", akutalikitsa. Ndatsikira kunyanja, ndabwerako, ndapitanso. Mpunga ndaupungula kawiri kuti usapyole mulingo wa katundu. Usipa ukununkhitsa jekete.

Loweruka

Ndege yanyamuka pa nthawi yake, yatera pa nthawi yake. Wa takisi akuthamanga ngati wabera munthu. Zonse zikuyenda!

Ku Chilomoni andipatsa mpando.

Atuma munthu kukaitana akuluakulu a banja, nyumba zitatu zosiyana. Moni mmodzimmodzi, aliyense akufunsa za kumudzi, za mvula, za nyanja. Kenaka atuluka amayi amasiye, akazi a malemu, agwira dzanja langa ndi manja onse awiri. "Mwakwera ndege chifukwa cha malemu? Anthu a ku Salima inu!" Ayamba kulira. Ndiwauze kuti ayi mayi, ndabwerera mapoyinti? Nanenso misozi yalengeza, ya manyazi.

Pemphero. Nyimbo. Pemphero lina. Pakati pa pemphero lachiwirili ndikumva ndege yanga ikudutsa pamwamba pa denga. Ameni yanga yamveka kuposa ya onse.

Lamlungu

Anakana kuti mlendo wolemekezeka chotere achoke tsiku lomwelo, ndiye ndagona komweko. Ndege ya lero ndi yodzaza. Ndabwerera pabasi, miyendo yotupa. Ndakwera kamodzi m'malo mwa kawiri, mapoyinti sanakwane, ndipo akutha lero.

Mbiri yandipitirira kudzafika kuno. Pa siteji anthu akundigwira chanza. Amalume akuuza aliyense kuti analera munthu. Mwini nkhuku uja wandipatsa moni. Zoona zake ndingaziuze ndani tsopano?

Tamanda waimba. "Adadi, ndamva zimene mwachita, mpaka ndalira. Ngati mwakwera ndege chifukwa cha maliro a eni, kuli bwanji ine mwana wanu! Ndakusungirani mpando wakutsogolo."

Ndangoti eya, mwananga. Mawa ndikafunse ngati kuli basi yofika ku Nairobi.