Sikuta ya Layitoni ndi Masamba a Pamsewu

Amalume anga amati mwambi uja wakuti kuthamanga sikufika unayamba motere. Anatiuza ine ndi mng'ono wanga Loweruka lina masana, akupukuta sikuta yakale imene imangokhala kuseri kwa chitseko chawo.

Akuti ku Bangwe kunali mnyamata wina dzina lake Layitoni, wogwira ntchito ku Limbe. Atatopa ndi kupanikizana m'minibasi, anagula sikuta yoyendera magetsi, ija yokwera choimirira, yosalira n'komwe. Anzake akudikira pa siteji, iye ankangodutsa fyuu!

Tsiku lina anamuitana ku Chilomoni kuti akaonekere kwa makolo a Esinati, mtsikana amene ankafuna kumukwatira. Atatsala pang'ono kufika, anaona masamba ataikidwa pamsewu. Aliyense amadziwa kuti masamba ndiye kuti pali maliro. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula.

"Zimenezo n'za njinga zakapalasa," anatero Layitoni mumtima. "Yangayi ndi yamagetsi. Komanso ndachedwa."

Analowa pakati pa anthu, chipewa chili kumutu. Poti sikutayo sinkalira, mkulu wina amene ananyamula benchi sanaimve. Anadzidzimuka n'kugwera m'ngalande, benchi pamwamba.

"Iwe! Kwanu kulibe maliro?" anakuwa mkuluyo.

"Pepani madala, ndikuthamangira apongozi!"

Kwa Esinati anapeza kuli kotseka. Anakhala pakhonde maola awiri. Kenako eni nyumba anatulukira, akuchokera kumaliro kuja. Patsogolo panali mkulu uja, buluku lili matope okhaokha.

"Ababa, uyu ndiye Layitoni ndinkanena uja," anatero Esinati.

"Taonana kale," anatero bambowo. "Achimwene, apongozi munkawathamangira aja mwawapeza?"

Layitoni anagwada, n'kuvula chipewa.

"Chipewacho valani, maliro mwawadutsa kale. Munthu wosatsika pa maliro a eni ake, ine ndikadzafa adzandidutsanso chimodzimodzi. Muyende bwino."

Pobwerera, batire linatha. Anayenda wapansi akukankha sikuta, n'kudutsanso pamasamba pomwe paja pang'onopang'ono, chipewa kumanja. Amayi ena amene ankatsuka mbale pamaliropo anamuzindikira.

"Eee, taonani! Pano ndiye aphunzira mwambo!"

Apa amalume anayamba kupukuta chiwongolero cha sikuta yawo ija. Ine kusukulu anatiphunzitsa kuti miyambi ndi ya makolo akalekale, magetsi asanabwere. Ndinafuna kufunsa zimenezo, komanso kuti bwanji dzina la pachitupa cha amalume ndi Layitoni, koma ndinachita manyazi. Mng'ono wanga ndiye alibe manyazi.

"Nanga Esinati, amalume?"

"Anakwatiwa ndi wakabaza wina. Ameneyo ankatsika."

Anapukutanso chiwongolero, chomwe chinali choyera kale.

"Tsiku lija ndinafika msanga… ndikuti, anafika msanga kuposa wina aliyense, koma mpaka lero sanalowe m'nyumba ija. N'chifukwa chake, ana inu, timati kuthamanga sikufika."