Fungo la pa Nambala 214, kwa Bwana Mkulu wa Zanyumba

Nyumba Nambala 214,
Kafue Estates,
Kafue.
9 Okutobala 1972

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Nyumba za Antchito,

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi, ndaomba m'manja. Ine ndine Clementina Njobvu, mkazi wa a Lighton Njobvu amene amagwira ntchito ku fakitale ya nsalu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4 kwathu ku Katete, choncho mukapeza chilembo chopotoka musadabwe. Ndalemba kudzera m'nyuzipepala chifukwa makalata atatu amene ndinapereka pawindo la ofesi yanu sanayankhidwe. Sindinabwere kudzadandaula, bwana. Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nyumba. Tinalowa mu Epulo, titachoka m'kachipinda kamodzi ku komboni ya njanji. Tsiku limenelo ndinagwetsa misozi nditaona chimbudzi chamadzi m'kati mwa nyumba, choyera ngati mbale yatsopano. Nthawi ya atsamunda zimbudzi zotere tinkangotsukira azungu. Ndinati ufulu uja wafikadi, wafika mpaka kuchimbudzi. Patangotha sabata ziwiri tinazindikira kuti mwatiikirako ndi basela. Fungo, bwana. Linkayamba dzuwa likakwera, pofika masana n'kukhala litatambalala pabalaza ngati mlamu wobwera ndi katundu yense. Ndinakwecha ndi phulusa, ndinakwecha ndi sopo, ndinathira mankhwala akuda aja a kusitolo mpaka khungu la m'manja linasupuka. Mwana wathu Gwendolyn, wa zaka zitatu, anayamba kukana chakudya, akakakamizidwa n'kusanza. Tinasamutsira mphasa panja, n'kumadyera pansi pa mpapaya, nyumba yamakono ili pambalipa.

Chachiwiri, zikomo potitumizira woyendera zaukhondo, bambo uja wa kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Ndi munthu wanzeru zozama, pakuti anapeza gwero la vuto asanalowe n'komwe m'nyumba. Anaima pageti, kampango kali pamphuno, naitana amayi a mzere wonse kuti nawonso aphunzirepo. Anati, "Vuto ni imwe bantu bochokela ku munzi. Simuziba kusebenzesa toileti ya manzi." Atatero anamata pepala lofiira pachitseko changa, lonena kuti nyumba ino ndi yauve, ndipo tikapanda kusintha tituluke.

Ine ndimagulitsa vitumbuwa pageti ya fakitale. Kuyambira tsiku limenelo beseni linkabwerera lodzaza, chifukwa ndani angadye za mayi wa pepala lofiira? Amayi anzanga, omwe m'nyumba zawo munkanunkhanso chimodzimodzi, anatseka mawindo ndi pakamwa pomwe, kuopa kuti pepala lingawafike. Amuna anga anayamba kumasuzumira m'chimbudzi ndikangomaliza kukolopa, ngati kuti mwina bambo wa masokosi ananena zoona. Icho chinandiwawa kuposa pepala lanu.

Chachitatu, ndikupepesa m'malo mwa Ba Fanwell Mudenda, mkulu wa pa nambala 220 amene amakhala ndi mwana wawo. Anagwira ntchito ya mapaipi kunjanji zaka makumi atatu, koma alibe kabudula woyera, ndiye sadziwa kuti vuto amalionera pageti. Iwo analowa m'kati, nagwada pasimenti, n'kumanunkhiza ngodya ndi ngodya. Anathira ndowa ya madzi pabowo la pansi lotulukira madzi osamba, natchera khutu. Anati, "Amake Gwen, aya manzi yapita chabe yonse, palibe yasala." Anandifotokozera kuti pansi pa bowolo pamayenera kukhala paipi yopindika ngati chigongono, yosunga timadzi totsekereza mpweya wa kungalande kuti usabwerere m'nyumba. Amisiri anu, posafuna zokhotakhota, anaika yowongoka.

Kenako anavundukula dzenje la zonyansa kuseri kwa nyumba, nayatsa chiguduli chonyowa m'menemo, n'kuvundikiranso. Anati utsi uyenera kutulukira papaipi ya padenga. Tonse tinaimirira, makosi m'mwamba, kuyang'ana padenga. Zii. Utsi unatulukira pawindo la bafa. Titathamangira m'kati tinaupeza ukufuka pabowo lija komanso m'munsi mwa chimbudzi chenichenicho, pomwe simenti inali yong'aluka. Ba Fanwell anakwera padenga ndi mawondo awo okalambawo, nagwira paipi ija kuti aisuzumire. Inangozuka n'kutsalira m'manja. Kapaipi kotalika ngati mkono wanga, kopakidwa penti bwinobwino, kosalumikizidwa ku chilichonse. Anakakweza m'mwamba kuti tonse tione, nati, "Iyi ni paipi ya menso chabe."

Pamenepa ndiyenera kukuyamikirani, bwana. Mapaipi amenewa amaoneka bwino zedi kuchokera pamsewu wa ku Lusaka. Mlendo wodutsa pagalimoto amaona denga lililonse lili ndi paipi yake, n'kumati Kafue watukuka. Ndife tokha okhala pansi pa madengawo amene tili ndi mphuno zosayamika.

Ba Fanwell anagwira masiku awiri. Anaswa pang'ono pansi n'kuika paipi yopindika, anamata mng'alu uja, nalumikiza paipi yeniyeni kuchokera kungalande mpaka pamwamba pa denga. Lamlungu lotsatira Gwendolyn anadyera m'nyumba, namaliza mbale yonse. Amuna anga anadzuka, napita pachitseko n'kumatula pepala lofiira lija, nalinyenyanyenya amayi onse akuona. Madzulo ake amayiwo anayamba kubwera mmodzimmodzi, maso pansi, kudzafunsa ngati mkuluyo angakaonenso kwawo. Anayesa utsi m'nyumba khumi ndi imodzi zotsalazo. Tsiku limenelo mzere wathu unkaoneka ngati tikuotcha njerwa. Utsi unatulukira m'mawindo onse, padenga ngakhale pamodzi ayi.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha changu chanu. Ofesi imene inagona miyezi isanu ndi umodzi inadzuka m'masiku awiri. Kalata yanu yafika, ya chidindo chachikulu, ndipo ndaiwerenga katatu. Ikuti Ba Fanwell ndi mmisiri wopanda chilolezo, asakhudzenso paipi iliyonse, apo ayi mwana wawo alandidwa nyumba. Ikuti ife taononga katundu wa kampani. Ikuti tibwezere nyumba monga mmene tinaipezera mwezi uno usanathe, tikalephera tituluke. Za mmisiri amene anabaya timapaipi tija pamadenga kalatayo sinanenepo, mwina pepala linachepa. Nyumba khumi ndi imodzi zija zikununkhabe mpaka lero, koma tsopano zikununkha movomerezeka, ndipo ana a m'menemo akusanza motsata malamulo.

Ife ndife anthu omvera, bwana. Sitifuna kubwerera ku komboni, ndipo amuna anga sangalimbane ndi dzanja lowapatsa ntchito. Takonzeka kuswanso pansi, kuchotsa paipi yopindika, ndi kubwezera kapaipi ka penti pamalo pake paulemu. Koma poti ndife ochokera kumudzi, tikuopa kulakwitsa muyeso. Mwina tingabwezere fungo lochepa, kapena lopitirira limene kampani inatipatsa.

Choncho pempho langa ndi limodzi lokha. Tsiku limene tidzamalize ntchitoyi musatume munthu. Mubwere nokha, cha m'ma thu koloko masana, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Ndidzakuikirani mpando wabwino m'bafamo, ndi kukutsekerani chitseko ndi windo kuti pasakhale chokusokonezani. Mudzakhale mofatsa, musafulumire. Mukadzakhutira kuti nyumba yabwereradi mmene kampani imafunira, mudzagogode. Tidzakutsegulirani mukatha kusaina.

Ndine wanu wodzichepetsa, wopumira mpweya wopanda chilolezo,

Clementina Njobvu (Mayi)