Injini ya Thirakitala ya Amalume

Lolemba

Bambo agamula. Lamulungu likafika thirakitala isanalire, Che Bwanali osula makasu adzaiphwasula. Akuti yatha zaka ziwiri pansi pa mango ndipo chomwe yatulutsa ndi anapiye okha.

Thirakitalayi ndi ya amalume. Anabwera nayo pothawa nkhondo ku Mozambique, ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri. Anthu ena ankathawa ndi mabulangete ndi mapoto. Ng'ombezo tinadya kale.

Ikalira, ilima munda wathu wakumtunda masiku awiri basi. Ikapanda kulira, mundawo ndi wanga, m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu. Ndilibe mchimwene woti tigawane mizere.

Wasitolo ya masipeya kutauni akuti kachitsulo kamene kanathyoka pa pampu ya dizilo akhoza kukaitanitsa ku Blantyre, bola ndimuuze dzina la injini ndi nambala yake.

Zochita:
1. Kupeza dzina.
2. Kupeza nambala.
3. Kusalima.

Lachiwiri

Ndachotsa nkhuku pa injini. Yandijompha kawiri.

Pansi pa girizi ndi zitosi pali kachikwangwani, kochepa kuposa chikhatho changa, ka chitsulo chofewa ngati cha poto. Zilembo zinadindidwa mosazama, ndipo si zathu:
- R woyang'ana kumbuyo
- china ngati khomo lopanda chitseko
- china ngati kangaude wopondedwa
- 3 woima pakati pa mawu ngati ndi kwawo

Ndasanjika pepala pamwamba n'kukhwekhweza pensulo mpaka zatulukira.

Amalume sakudziwa kanthu. Sanali dalaivala, anali mlonda pamunda wa boma. Akuti, "Mphwanga, azungu ake anali ofiira ndipo ankamwa tiyi wopanda mkaka." Umboni wonse ndi umenewo.

Lachitatu

Aphunzitsi a Jogalafe ayang'ana pepala langa nthawi yaitali. "Chigiriki ichi. Kapena Chitchaina. Sichili pa silabasi." Kenako azindikira kuti ndaling'amba m'kope la phunziro lawo. Ndasesa bwalo lonse la sukulu.

Pobwerera ndadzera kwa a shehe. Aligwira chozondoka, alitembenuza, alizondotsanso. "Si Chiarabu, mwanangu. Ukanakhala kuti umabwera ku madarasa ukanadziwa wekha."

Kumapiri a ku Namwera kwayamba mitambo. Manja anga ayamba kale kuwawa.

Lachinayi

Wasitolo wandiseka. "Ndiye pafoni ndinene kuti chiyani? Kangaude, khomo, R wothawa?" Nambala nayonso sikuoneka bwino papepala. Pena 6, pena 8, pena chitosi.

Koma wandilozera Che Saidi, makanika wokalamba amene anakonza sitima ku Monkey Bay moyo wake wonse. Ndawapeza pakhonde la telala. Akuti zilembo zotere anazionapo pa injini ina ya pampu ndipo buku lake analisunga. Lero magalasi awasiya kunyumba. Loweruka ndikawatenge pa njinga akawerenge okha pa injinipo.

Chiyambire Lolemba, lero ndi tsiku loyamba kudya mokhuta.

Lachisanu

Pepala lasowa.

Ndafufuza m'chikwama, m'kope, pansi pa mphasa. Amalume akhala pa tayala la thirakitala, utsi uli tolo. "Pepala lofewa bwino limeneli, mphwanga. Uli nalo lina?" Apichiramo fodya. Kangaude wanga wapsa ndikuona.

Palibe kanthu. Kachikwangwani kalipobe.

Ndauza amayi kuti mawa kubwera mlendo wolemekezeka kudzaona kachikwangwani ka pa injini. Afunsa kuti kati. Ndawalozera. Ayang'ana girizi, ayang'ana zitosi, agwira pakamwa.

Nkhope imeneyo sindinaimvetse bwino.

Loweruka

Ndapalasa njinga ndi Che Saidi kumbuyo. Munthu woonda koma wolemera ngati thumba la mchere.

Pakhomo pasesedwa. Pampando wa thirakitala payalidwa kansalu kolukidwa maluwa. Amayi aima pambali, dzanja lina beseni la mchenga wa kunyanja, lina phulusa, monga amachitira akamakwecha mapoto. Poto wa amayi anga sakhala ndi banga. Mudzi wonse umadziwa.

Kachikwangwani kakuwala. Kuwala kokha. Palibe kangaude, palibe khomo, palibe nambala!

"Ukanaonetsa alendo nyansi zija?" atero amayi. "Zokalikakalika zija zinandivuta, koma zachoka."

Che Saidi avala magalasi, awerama, adziona nkhope, akonza chisoti. Azungulira thirakitala kawiri, agogoda apa ndi apo. "Injini iyi si ya thirakitala iyi. Wina anachita kuiwotcherera. Mwina ya pampu, mwina ya boti. Popanda nambala ndi Mulungu yekha akuidziwa." Amwa tiyi makapu awiri. Pomaliza akuti kwa asodzi ingakhale nangula wabwino.

Ndawapalasanso kubwerera. Alemera kuposa m'mawa.

Lamulungu

Che Bwanali afika ndi nyundo dzuwa lisanatenthe. Amalume apempha mpando wokha, ndipo akhalapo kale pakhonde. Matayala atenga wosoka nkhwaira. Injini aikunkhuniza asodzi anayi kupita kudoko. Nkhuku ikuzungulirazungulira pansi pa mango, sikumvetsa. Ine ndikuimvetsa.

Kachikwangwani amayi akakhoma pakhoma, pafupi ndi chipeso.

Masana mvula yawaza pang'ono, yongokwanira kuti bambo anunkhize dothi n'kundiyang'ana. Madzulo Che Bwanali atumiza khasu loyamba, losulidwa ku chitsulo cha pulawo ya thirakitala ija. Mpini wake andiyeza ine.

Ndiye kuti mawa thirakitala ya amalume ilima ndithu munda wakumtunda. Injini yake ndaidziwa tsopano. Ndi ya konkuno, ili Folomu 2, imayendera phala, ndipo bambo akuti aziiliza tambala woyamba akalira.