Kolona Wopanda Mtanda

Mpaka lero amayi a mphakati wathu akandiona amaluma chitenje kuti asaseke. Mlanduwo ndi wanga ndekha, ndiye bola ndiulule.

Ine ndi mayi a Tereza tili ndi ana asanu ndi mmodzi. Zaka zanga zikukankhira ku makumi asanu, msana ukulira ngati chitseko cha khola. Tinagwirizana kuti basi, wachisanu ndi chiwiri asabwere. Munda wathu wa kuno ku Lobi ukagawidwanso, mwana aliyense adzalandira mzere umodzi wa nyemba (ndinayeza ndekha ndi chingwe, sindikunama).

Kuchipatala namwino anatiyalira njira zonse: mapiritsi, jakisoni, lupu, mpaka kutseka abambo. Atatchula kutseka ndinakumbukira tonde wanga wofulidwa, ndinapanikiza mawondo.

"Bambo, kutseka si kufula ayi," anatero namwinoyo.

"Ndamva, mayi. Koma yopanda mpeni palibe?"

Mayi a Tereza, Mkatolika wa benchi yakutsogolo, anasankha mikanda yowerengera masiku. Wofiira ndi tsiku loyamba la kumwezi, yabulawuni ndi masiku amtendere, yoyera ndi masiku oti bambo azilimbikira kumunda. Pali kamphira kakuda koyenera kusuntha mkanda umodzi m'mawa uliwonse.

Miyezi itatu zinayenda bwino. Kenako Lachinayi lina m'mwezi wa Meyi inali nthawi yanga yotsogolera kolona ku mphakati. Ndinachedwa kudimba, mayi ali kuchigayo. Ndinalowa kuchipinda chothamanga n'kutsomphola zimene zinali pa msomali pomwe timakoleka kolona.

Ndinagwada pakati pa anthu, ndinatsinzina, ndinayamba. Chala chinapeza kamphira. Mumtima ndinati, taonani nzeru, kolona wamakono woti munthu asasokonezeke! Tikuoneni Maria aliyense, kamphira ndinkakakankha. Ndinafika wa khumi ndi chisanu osapeza mkanda wa Atate Athu. Anthu anayamba kutsokomola. Ine osagonja, wotsogolera sabwerera m'mbuyo. Ndinazungulira kawiri konse ndikusakasaka mtanda.

"Abambo a Tereza," ananong'ona amayi Nabanda, apampando athu, "ndi chinsinsi chachingati chimenechi, chosathachi?"

Apo n'kuti atatsegula maso. Anayang'ana m'manja mwangamu.

"Mayo ine! Chimenecho ndi chinsinsi cha kuchipinda!"

Azimayi anagwa chagada. Mmodzi anaseka mpaka duku linakagwera ku Mozambique (alipo amene analiona likuwoloka). Kutereku theka la mphakati lili nayo mikanda yomweyo kunyumba.

Amene sanaseke ndi mayi a Tereza. Anandichingamira pakhomo, ufa uli m'nsidze.

"Kamphira kanali pati?"

"Pa mkanda, mayi."

"Woyera kapena wabulawuni?"

"Ndinali nditatsinzina."

"Chabwino. Poti simukudziwa, yonse ndi yoyera mpaka mwezi uoneke."

Ndinasamukira m'kachipinda kosungiramo mbatata ya kachewere. Inu amene mumadziwa chisanu cha ku Dedza mundichitire umboni: tambala ankalira m'mawa, mawu ake n'kudzamveka masana atasungunuka. Ndinapirira masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Mbatata zina ndinazitcha mayina. Koma wachisanu ndi chiwiri sanabwere, ndipo sabwera.

Panopa mikandayo imakhala m'sutikesi, kiyi ali m'chiuno mwa eni ake. M'mawa uliwonse ndimafunsa mwaulemu kuti lero tili pa mtundu wanji. Kawirikawiri yankho ndi limodzi: "Yoyera." Ine ndikukumbukira kuti yoyera inalipo khumi ndi iwiri yokha. Koma ndingatsutse ndi pakamwa pati, munthu amene ndinalephera kuwerenga mpaka khumi pamaso pa mphakati wonse?