Loko Watsopano wa Injiniya

Azakhali ake anamuchenjeza Chipewa atamugwira dzanja. "Mwana wa achimwene, pepala la nyumba ija lili ndi maina awiri, lako ndi la mlongo wako. Wakutsekera kunja, inde, koma tenga pepalalo upite kukhoti, akamuuza atsegule. Anzako a ku bala aja asalowepo."

"Ndamva, azakhali," anatero Chipewa, n'kulunjika ku bala komweko.

Kumeneko anapeza Injiniya, wokonza njinga amene ankati palibe loko womukanika, ndi Mafuta, chimunthu chonyamula katundu pamsika. Botolo lachitatu lisanathe, pulani inali itapsa.

"Khoti? Ukalambira pa benchi, aise," anatero Injiniya. "Mawa sisi wako akangopita kuntchito, tidula loko wake, tiika wathu. Alaweko kugona panja."

"Nanga ife tipezapo chani?" anafunsa Mafuta.

"Firiji ndi yanu," anayankha Chipewa, ngati anaigula ndi iye.

Mowa ndi woopsa, anthu inu. Munthu amagawa firiji ya mlongo wake osaphethira n'komwe.

Mawa lake, dzuwa lili paliwombo, anafika ndi wilibala. Injiniya anatulutsa masokosi aatali oboola pa maso.

"Valani kumutu."

"Koma kuno ndi kwathu," anadandaula Chipewa.

"Ntchito ili ndi malamulo ake, mani."

Anavala. Nyumbayo inali ndi zitsulo m'mawindo monse, ndipo kutsogolo kunali chitseko cha zitsulo. Injiniya anacheka loko mpaka thukuta kudontha musokosi. Loko atagwa, anabweza sowo m'chikwama cha zida, n'kuchisiya pa wilibala. Atalowa onse, anapisa dzanja pakati pa zitsulo n'kukhoma loko watsopano, khethe.

"Kuti pasalowe wotisokoneza," anatero monyadira.

Chipewa anathamangira pa mpando wa malemu bambo ake, umene sanaukhalepo miyezi inayi, n'kutambasula miyendo. Mtima unali mbee. Anayamba n'kuimba komwe.

Mafuta anafika pakhomo atabereka firiji. "Tsegula, Injiniya, msana ukuthyoka."

Injiniya anapisa m'thumba lakumanja. Anapisa lakumanzere. Anavula nsapato, anakutumula. Kenako onse atatu anayang'ana panja, pomwe chikwama chinakhala phee pa wilibala, makiyi ndi sowo zili momwemo.

Anayesa kuchikoka ndi tsache, wilibala inasuntha. Anamangirira chikolopa kutsache, wilibala inatsetsereka mpaka kumsewu, n'kukaima pamapazi a mayi wogulitsa tomato.

"Mayi, tipatsireniko chikwamacho," anapempha Chipewa mwaulemu.

Mayiyo anaona mitu itatu ya masokosi ikusuzumira pazitsulo. Anataya dengu, liwiro la kupolisi.

Wapolisi anafika limodzi ndi mlongo uja, khamu lili pambuyo.

"Mwini nyumba ndani pano?"

"Ine, bwana," inayankha sokosi yapakati.

"Ndi achimwene anga," anatero mlongoyo. "Mimbayo ndaidziwa."

Wapolisi atamva nkhani yonse anatembenukira kwa mlongoyo. "Chemwali, nyumba ya anthu awiri simungamutsekere mnzanu kunja. Ali ndi ufulu wolowa ngati inu nomwe."

Chipewa anavina pomwepo, sokosi ikugwedera. "Mwamva? Mwamva, anthu? Ufulu!"

"Chabwino," anatero wapolisi. "Nanga firijiyi, ili pamsana, ikupita kuti?"

"Imeneyo ndinagula ndekha," anatero mlongoyo. "Lisiti lilipo."

"Ife sitinabe, bwana," anafulumira Mafuta. "Anatipatsa a Chipewawa dzulo. Injiniya ndi mboni."

Injiniya anavomera ndi mutu kangapo, kuopa kuti angamuiwale.

Wapolisi anatsegula loko ndi makiyi awo omwe, n'kuwatulutsa mmodzimmodzi, aliyense atagwira lamba wa mnzake.

Patapita milungu itatu, khoti linalamuladi kuti Chipewa apatsidwe kiyi wa nyumbayo. Mlongo wake anamvera, anadulitsa kiyi n'kukapereka yekha kundende, komwe Chipewa anamutsekera pa mlandu wa firiji. Woyang'anira anamuonetsa Chipewa kiyiyo pawindo, wonyezimira bwino, kenako anamuponya m'thumba limodzi ndi lamba ndi chipewa chake, kuti adzatenge ikatha miyezi isanu ndi umodzi.