Mabuku Asanu Ofanana Nkhope

Dilu yonse inabadwira pa botolo lachinayi, ndipo amene anaibereka ndine. Anzanga amanditcha Pulofesa chifukwa ndinasesako milungu iwiri kumalo osindikizira mabuku asanandithamangitse.

"Amwene, kuba mafoni n'kwa ana," ndinatero ndikugogoda tebulo. "Mayi Magalasi, aja ogulitsa mabuku akale, ali ndi buku la zithunzi za mbalame, losindikizidwa poyamba penipeni. Mtengo wake ndi galimoto yathunthu, mafuta ali momwemo."

"Ndiye tikalidziwa bwanji?" anafunsa Chigubu, amene mutu wake ntchito yake n'kunyamula chipewa basi.

"Ine ndilipo. Loyamba ndimalimva ndi fungo."

Kamphepo, mlamu wanga woonda ngati ndodo ya tsache, anabwereka maovololo atatu ndi mpope. Lachiwiri masana tinatulukira pashopupo ngati opopera mankhwala a chiswe. Mumpopemo munali madzi a sopo.

Mayiwo anatilowetsa m'chipinda chakumbuyo, iwo n'kubwerera pakauntala. Kabati tinaipeza yosakhoma n'komwe. Nditatsegula, ndinapeza mabuku a mbalame asanu, ofanana nkhope ngati ana a bambo mmodzi.

"Nunkhizani, alamu," anatero Kamphepo.

Ndinanunkhiza. Onse ankanunkha fumbi, ndipo ndinayetsemula mpaka misozi.

Kutenga onse kunali kosatheka. Lililonse linkalemera ngati njerwa zitatu, ndipo mu ovololo ya Chigubu munatsala malo a limodzi lokha, mimba itatenga kale gawo lalikulu. Iye ankafuna loyera bwino, Kamphepo long'ambika. Tinakangana monong'ona mpaka Chigubu anatopa, ndipo ndisanamugwire pakamwa anafuula:

"Mayi! Loyamba ndi liti apa?"

Mayiwo analowa. Anayang'ana ife, kabati yotsegula, ndi thovu la sopo lili mbuu pansi.

"Mwafunsa bwino, abambo. Dikirani ndikupangireni tiyi, nkhaniyi ndi yaitali."

Atabwera ndi tiyiyo anakhoma chitseko, akuti mphepo imawononga mapepala. Anatisambitsa m'manja, natikhazika pabenchi ngati ana a sukulu.

"Yang'anani kuseri kwa tsamba la mutu wa buku. Mukaona mawu akuti lasindikizidwanso, liikeni pambali."

Awiri anagwa pomwepo.

"Tsopano chaka. Cholembedwa kutsogolo chifanane ndi cha kuseri."

Linagwanso lina. Anatsala awiri.

"Apa ndiye pagona nkhani," anatero mayiwo akusuzumira pawindo. "Ulendo woyamba osindikiza analakwitsa, chithunzi cha kadzidzi anachiika chozondoka. Pambuyo pake anakonza. Mufufuzeni kadzidziyo, koma pang'onopang'ono, osanyowetsa chala ndi malovu."

Masamba analipo mazana anayi.

"Alamu, tithawe," anandinong'oneza Kamphepo. "Mayiwa akumwetulira kwambiri."

Ndinamukankha ndi chigongono. Ndinali nditanyozeka pamaso pa anyamata anga, ndiye kadzidzi ameneyu ndimafuna ndimupeze ndine. Ndinadutsa akhwangwala, ndinadutsa atimba. Panja galimoto inaima, ndinaimva ndithu, koma ndinali pa nkhwali, ndipo mtima unkandiuza kuti kadzidzi ali pafupi.

Tsamba linanso, uyo! Miyendo m'mwamba, maso ali tong'o.

"Ndalipeza!" ndinafuula nditadumpha, buku ndili nalo pamwamba pa mutu ngati chikho cha mpira.

Mayiwo anaomba m'manja, kenako n'kutsegula chitseko. Apolisi awiri, amene mayiwo anawaimbira foni popanga tiyi uja, analowa.

"Mwakhoza, bambo," anatero kwa ine. Atatembenukira kwa wamkulu wa apolisiwo anati, "Buku ndi limenelo, bwana, ndipo mtsogoleri ndi ameneyo. Mumulande mosamala, chikuto n'chosalimba."

Chigubu anapempha kuti amalize kaye tiyi, anamulola. Kamphepo anandifulatira njira yonse. Tili kumbuyo kwa galimoto, unyolo uli ng'we ng'we, Chigubu anandigunda ndi phewa.

"Koma ndiwe shasha, Pulofesa. Ine kadzidzi uja sindikanamuona."

Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinati zikomo.